Dzina la Alinesi Linasowa pa Mndandanda

Dzina langa ndine Sellah. La bambo sinditchula, ngakhale ndikudziwa kuti amayi a kumpingo kwathu andizindikira asanafike ndime yachitatu, poti amenewo sabisidwa kanthu. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ndinali mphunzitsi komanso mlangizi wa ophunzira pa yunivesite ina yomwe si ya boma, kufupi ndi City Centre. Lero ntchitoyo ndilibe, ndipo palibe amene anandilakwira. Nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali, ndiye ndaganiza zongoilavula.

1

Ntchito ya mlangizi anthu amaiderera, amati ndi yongosaina mapepala. Sadziwa. Semesita ikamayamba, wophunzira amabwera mu ofesi, mumakhala naye pansi n'kuona makosi amene wakhoza ndi amene atsala. Kenaka mumamulembera pa fomu makosi oti atenge, n'kusaina. Pepala limodzi limatsala m'fayilo yanu, linalo amatenga iyeyo n'kukalowetsa makosiwo pa kompyuta. Akaphonya kosi imodzi yokha mwa zokakamiza, ngakhale atakhala wanzeru chotani, digiri salandira. Ine ntchitoyi ndinkaidziwa, ndipo ndinkadzitama nayo mopanda manyazi.

Kunyumba kwanga ku Area 12 kunali a Bauleni, bambo wa ku Malingunde amene ankasamalira maluwa ndi kutsegula geti. Anabwera malemu amuna anga akali moyo, ndipo anakhala nafe zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Akazi awo atamwalira anakatenga mwana wawo Alinesi n'kumakhala naye m'kanyumba ka kuseri. Mtsikanayu anakulira pabwalo limodzi ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, Jordan, amene anali wamkulu kwa iye ndi zaka zitatu.

Alinesi anali ndi mutu. Fomu 4 anakhoza moti aphunzitsi ake anachita kubwera pageti kudzamuyamikira. Ndine ndinamulembera makalata ofunsira malo pa yunivesite yathu, ndinenso ndinamupezera bungwe lomuthandiza kwa zaka zinayi za maphunziro a zachuma. Pogawa ophunzira kwa alangizi, ndinachita kupempha kuti ameneyu akhale wanga.

Tsiku loyamba sukulu a Bauleni anaima pakhonde, chipewa chili m'manja.

"Madam, mwanayu ndi wanu tsopano," anatero. "Ine sukulu ndinalekeza sitandade 4, za kumeneko sindizidziwa. Chimene mungamuuze inuyo, n'chomwecho."

Kenaka anatembenukira mwana wawo. "Iwe, madam akanena chinthu usamafunse kawiri. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Ndinaseka, n'kuwauza kuti asadandaule.

2

Zaka zinayi zinatha ngati masabata. Mu Okutobala wa chaka chomaliza, dzuwa likuswa mtengo, pabwalo panga panali pikitipikiti. Abale a ku Malingunde anali atasankha kale chitenje chovala pa tsiku lolandira madigiri. A Bauleni ankathirira maluwa akuimba nyimbo za kwaya, chinthu chimene sindinawamvepo akuchita. Bungwe lina la ku City Centre linali litamulonjeza Alinesi ntchito yoyamba mu Januwale, bola adzaonetse digiri.

Lachiwiri m'mawa mndandanda wa omaliza maphunziro unamatidwa pa bolodi. Ndili mu ofesi ndinkamva nthungululu za atsikana m'khonde. Kenaka kunamveka kugogoda kwapansipansi.

Anali Alinesi. Sankalira.

"Madam, dzina langa palibe."

"Waona bwinobwino?"

"Ndawerenga katatu."

Tinapita limodzi kwa a Kenani, mkulu wosunga zolembedwa za ophunzira, bambo wa ndevu zoyera amene sadziwa kuzungulira polankhula. Anatsegula kompyuta n'kuitembenuzira kwa ife.

"Sitatisitiki yachiwiri, ya chaka chachitatu," anatero akuloza ndi cholembera. "Ndi yokakamiza. Sanaitenge. M'malo mwake anatenga kosi yosankha ya zokopa alendo. Mayi, zatheka bwanji zimenezi? Mwanayu ndi amene watsogola kalasi yonse."

"Inenso ndadabwa," ndinayankha.

Alinesi anandiyang'ana. Kanali kanthawi kochepa chabe, kenaka anagwetsa maso pansi.

3

Lamulo la pasukulupo linali lomveka. Wophunzira akaonetsa fomu yosainidwa ndi mlangizi wake, ndipo zikaoneka kuti anangotsatira zimene analemberedwa, cholakwa ndi cha yunivesite. Zikatero amamupatsa mayeso apadera n'kulandira digiri pamodzi ndi anzake. Koma ngati anadzisankhira yekha makosi osaonana ndi mlangizi, ndi zake zimenezo: adikire chaka chamawa adzatenge kosiyo. Kwa Alinesi chaka chamawa kunalibe, chifukwa thandizo la bungwe lija linali la zaka zinayi basi, ndipo ntchito ya mu Januwale sikanamudikira.

Komiti inakumana Lachisanu. Tinakhala anthu asanu kuzungulira tebulo, Alinesi ali yekha kumapeto, manja ali pamiyendo.

"Mayi Sellah, fomu ya semesita imeneyo ili m'fayilo yanu?" anafunsa a Kenani.

"Ndafufuza, mulibe," ndinatero. "Sindikukumbukira kuti semesita imeneyo anabwera."

A Kenani anavula magalasi. "Alinesi, mvetsa bwino. Ngati pepala lako uli nalo, tionetse. Likakhala ndi siginecha ya mlangizi, mawa lomwe dzina lako libwerera pa bolodi. Uli nalo?"

Ine ndinangoyang'ana mapepala anga.

"Ndilibe, bwana," anatero Alinesi.

"Unataya?"

"Sindinapite kwa madam. Ndinalowetsa ndekha makosi."

"Mwana wanzeru ngati iwe? Chifukwa chiyani?"

"Ndinkaona ngati ndikudziwa."

A Kenani anapukusa mutu n'kutseka fayilo. Mphunzitsi wina anandinong'oneza kuti ana a masiku ano akangokhoza pang'ono amadzimva. Ine ndinavomera ndi mutu.

4

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, ndinapeza a Bauleni akundidikira pakhonde. Nditangotsika m'galimoto anagwada pansi. Bambo wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, mawondo ali pasimenti yotentha.

"A Bauleni, dzukani, chonde."

"Ayi madam, mundilole. Mwana uja wakuchititsani manyazi pamaso pa anzanu. Munamutola m'fumbi inu, iye n'kukuonani ngati opanda nzeru. Ine ndilibe pogwira. Mundikhululukire, ndalephera kulera."

"Zimachitika," ndinatero. "Dzukani."

Ndinalowa m'nyumba, n'kukatseka chitseko cha kubafa ndi kutsegula mpope kuti kulira kwanga kusamveke. Koma nditatuluka sindinanene kanthu kwa wina aliyense.

Patatha masiku awiri Alinesi anamanga katundu wake n'kupita kwa azakhali ake ku Area 4. Sanatsanzike. Jordan, amene nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku banki, anayamba kubwera kunyumba nkhope ili yakugwa, chakudya osachikhudza. Tsiku lina anandipeza pabalaza.

"Mum, palibe chimene mungachite? Inu ndi senior pamene paja."

"Malamulo ndi malamulo, mwanangu."

"Akukana kundiona. Foni sakuyankha. Wangonditumizira uthenga woti ndimuiwale."

"Mwina akudziwa chimene akuchita," ndinatero.

Pofika Febuluwale Jordan anapempha kuti amusamutsire ku Blantyre. Nyumba inatsala ndi ine ndekha, ndi a Bauleni amene anasiya kuimba.

5

Apa tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizemba chiyambire nkhaniyi.

Alinesi anabwera mu ofesi mwanga semesita imene ija. Ndikukumbukira ngakhale bulauzi imene anavala.

Sabata imodzi izi zisanachitike, Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, Jordan anandikhazika pansi.

"Mum, ndikufuna mumve kwa ine ndisanauze ankolo. Ine ndi Alinesi tili pa ubwenzi, chaka chakwana. Akangomaliza sukulu tikufuna chinkhoswe."

Ndinayang'ana pawindo. Panja a Bauleni ankakankha wilibala ya manyowa, atavala jombo zong'ambika. M'maganizo mwanga ndinaona holo yodzaza, amayi a ku Area 12 atavala zonyezimira, ndipo kutsogolo, pampando waulemu woyandikana ndi wanga, pakhala munthu wonditsegulira geti.

Choseketsa n'chakuti ineyo bambo anga anali mlonda. Ankagona pamakatoni pakhonde la sitolo ku Area 2, ine ndikuphunzira ndi yunifomu yosokererasokerera. Zaka makumi atatu ndinakhala ndikukwirira mbiri imeneyo, moti ngakhale Jordan sankaidziwa bwino. Tsiku limenelo ndinaona ngati mwana wanga akundibwezera komwe ndinathawa.

"Tidzakambirana akamaliza," ndinamuyankha ndikumwetulira.

Mawu oti "akamaliza" anandikhala m'mutu sabata yonse. Lolemba lotsatira Alinesi analowa ndi fomu yake, atalemberatu makosi ndi pensulo monga ankachitira nthawi zonse. Sitatisitiki yachiwiri inali pamwamba penipeni. Ndinatenga cholembera n'kuikhwatcha.

"Imeneyi aichotsa pa zokakamiza chaka chino," ndinatero. "Tenga ya zokopa alendo, ndi yofewa, ikukwezera magiredi."

"Koma madam, m'buku la makosi..."

"Bukulo ndi lakale."

"Chabwino, madam."

Ndinasaina. Ndinadziuza kuti ndi chaka chimodzi chokha, kuti Jordan adzatopa kudikira n'kupeza wina wa msinkhu wake, kuti mtsikanayo sadzafa nazo. Pepala langa la fomuyo silinasowe ayi. Ndinaling'amba ndekha m'mawa wa tsiku limene mndandanda unamatidwa, n'kutaya zidutswazo m'chimbudzi cha aphunzitsi.

6

Miyezi khumi inadutsa. Ndinkaphunzitsa, ndinkasaina mafomu a ana ena, ndinkatsogolera mapemphero a amayi Lachinayi. Koma ndinawonda, ndipo anzanga ankandifunsa ngati ndayezetsa shuga.

Loweruka lina mu Ogasiti ndinapita ku Area 2 kukagula nsalu ya makatani. Ndinalowa m'sitolo ya a Shafiq, ndipo kuseri kwa kauntala, tepi yoyezera ili m'khosi, kunali Alinesi. Mwana amene anatsogola kalasi ya zachuma ankadula nsalu ndi sizasi.

"Takulandirani, madam. Mamita angati?"

Anandifunsa ngati kasitomala wina aliyense. Ndikanakonda akanandilavulira.

"Alinesi, ndingakulankhule?"

Anapempha chilolezo kwa a Shafiq, ndipo tinatulukira khomo la kuseri, pakanjira kodzaza makatoni ndi madzi otayidwa.

"Fomu ija," ndinayamba, "sunataye, eti?"

Anatsegula kachikwama kake n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi, lokulungidwa m'pulasitiki. Mzere wanga wokhwatcha uja unali pomwepo, ndi siginecha yanga m'munsi.

"Ndimayenda nayo," anatero. "Ndimaopa kuti ndikaisiya kunyumba wina aipeza."

"Unali nayo tsiku la komiti?"

"Inali m'thumba la siketi."

"Nanga bwanji sunaionetse? Ukanalandira digiri yako!"

Anandiyang'ana ngati mphunzitsi ndi iyeyo. "Ndikanaionetsa, inu ntchito ikanatha. Inu ntchito ikatha chifukwa cha ine, ababa akanakhalabe pageti panu? Kanyumba kaja akanakhalamobe? Pa msinkhu wawo akanalowera kuti? Komanso Jordan akanadziwa kuti amayi ake ndi munthu wotani. Ndinaona kuti bola anthu azinena kuti wopusa ndine."

"Unadziwa liti kuti ndinachita dala?"

"Semesita ija ndinkaona anzanga onse akulowa m'kalasi ya sitatisitiki. Kawiri konse ndinafika pakhomo la ofesi yanu, koma ndinabwerera. Ndinkati madam sangandinamize, mwina akudziwa zimene anzangawa sakudziwa. Ngakhale tsiku la mndandanda ndinkati mwina munangolakwitsa. Koma mutauza komiti kuti simukukumbukira kuti ndinabwera, basi ndinadziwa. Inu simuiwala kanthu, madam."

Ndinakhala pa kreti ya mabotolo. Ndinapepesa, koma mawuwo ankamveka opepuka ngakhale m'makutu mwanga momwe.

"Ndipatse pepalalo," ndinatero. "Ndikalipereka ndekha."

Anandipatsa pepalalo. "Chinthu chimodzi chokha. Ababa asamve. Amakuonani ngati mayi wawo."

7

Lolemba m'mawa ndinaika fomuyo patebulo la a Kenani n'kufotokoza zonse. Anandimvetsera osandidula. Nditamaliza anangoti, "Mayi, ine ndinkatuma ana a abale anga kwa inu." Sabata isanathe anandiuza kuti ndilembe kalata yosiya ntchito, ndipo ndinalemba.

Jordan ndinamuuza pa foni. Iye anati, "Ndinakulirirani pamaso panu, Mum," n'kudula. Mpaka lero sanabwere. Ndinamva kuti anapita ku Area 4 kukamupepesa Alinesi, koma mtsikanayo anamuuza kuti sangakwatiwe m'nyumba imene adzafunika kumayang'ana kawiri chilichonse chimene apongozi amupatsa.

Yunivesite inamupatsa Alinesi mayeso apadera mu Seputembala. Anakhoza bwino kwambiri. Ntchito ya ku City Centre ija anali ataipereka kale kwa wina, koma dzina lake linatuluka pa bolodi.

A Bauleni anangouzidwa kuti akuluakulu a sukulu amuchitira chifundo mwana wawo. Za kusiya kwanga ntchito ndinawauza kuti ndapuma chifukwa cha thanzi. Ndiye m'mawa wina mu Novembala anabwera pakhonde atanyamula envulopu ndi manja awiri.

"Madam, makadi olowera ku mwambo wolandira madigiri apereka awiri, a makolo. Limodzi langa. Mayi ake kulibe, ndiye linali ndi lanu. Ndikudziwa kuti ndinu munakamupemphera kwa akuluakulu, ngakhale simunena."

Ndinayang'ana envulopuyo. Ndinali nditalonjeza Alinesi, ndipo lonjezolo ndinaliphwanya. Kaya ndinachita bwino kaya ndinangowonjezera tchimo lina, sindikudziwa, koma kukakhala pampando wa malemu mayi ake sindikanatha.

"A Bauleni, khalani pansi. Khadilo sindingalandire."

Ndinawauza zonse, kuyambira za Jordan mpaka za pepala long'ambidwa. Sanakhale pansi. Anamvetsera ali chiimire, maso ali pa kapinga.

"Madam," anatero mwapansipansi, "chaka chathunthu mwana uja ndakhala osamuyankha moni. Amabwera pageti apa Lamulungu lililonse atandinyamulira kandiwo, ine n'kumubweza. Pa Khirisimasi anagwada panja apo kuyambira m'mawa mpaka masana, ine osatsegula. Ndinkati ndikulanga mwana wopanda ulemu kwa madam."

Zimenezo sindinkazidziwa. Lamulungu ndinkakhala ku tchalitchi.

Anabweza envulopu m'thumba la malaya, anakatseka mpope umene unali ukuthirira maluwa, anakulunga paipi bwinobwino n'kuipachika pamalo pake. Pofika masana makiyi a geti anali pa tebulo la pakhonde, ndipo kanyumba ka kuseri kanali kosesedwa, kopanda kanthu.

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni, chifukwa chisoni sindikuyenera. Ambiri a inu muli ndi cholembera chimene mwana wa mnzanu akudalira: ena ndinu aphunzitsi, ena ndinu alangizi, ena mumangodinda chidindo pa windo. Amene amabwera kwa inu atapinda manja ndi amene simuvutika kuwapweteka, chifukwa sadzakufunsani. Ine ndinasankha mwana amene ndinkadziwa kuti sangandifunse kawiri, ndipo chimenecho ndi chimene chimandisowetsa tulo kuposa zonse. Ndipo inu makolo, ulemu aphunzitseni ndithu ana anu, koma muwauzenso kuti buku likanena zina ndipo madam akunena zina, ali ndi ufulu wogogodanso pachitseko.

Alinesi analandira digiri yake Loweruka lomaliza la Novembala yemweyo. Amene analipo anandiuza kuti dzina lake litaitanidwa, makolo ena onse ankavina ana awo akamadutsa, koma a Bauleni sanadzuke. Anakhala pampando ataphimba nkhope ndi manja, mpaka mwana wawo anatsika pansanja, gauni ili m'thupi, n'kudzagwada pambali pawo. Akuti bamboyo ndi amene anayamba kupereka moni.

Mpando wa pambali pawo unakhala wopanda munthu mpaka mwambo unatha.